Peyala la Mkamwini

Ku Ndunde aliyense amadziwa kuti mkamwini sabzala mtengo. Chimanga abzale, nandolo abzale, ngakhale chinangwa ngati ali wolimba mtima, koma chinthu chokhalitsa ayi, poti nthaka ndi ya kuchikazi ndipo iye pamudzipo ndi munthu wongodutsa. A Gladson zimenezi ankazidziwa bwino, chifukwa ndi kwawo ku Nchema komwe n'chimodzimodzi. Koma munthu akangokwatira kumene mutu umapepuka. Chaka chomwe analowa m'nyumba ndi a Idesi, anakwirira njere ya peyala kuseri kwa khitchini n'kuitchingira ndi minga kuopa mbuzi.

Amene anaseka kwambiri anali a Eluby, achemwali aakulu a mkazi wawoyo, mayi wa pakamwa posatopa amene nyumba yake inali pafupi pomwepo. Aliyense wodutsa ankamuitana kuti adzaone alamu awo akufuna kumera mizu pamudzi pa eni. A Gladson ankangomwetulira n'kumathirira kamtengo kawo ndi madzi otsukira mbale.

Mtengowo unakula, ndipo utayamba kubereka kuseka kunatha. Mapeyala a m'midzi imeneyo ambiri ndi amadzimadzi, ena a ulusi woti ukadya umatsala ukutokosa m'mano. Awa ayi. Anali akuluakulu, a khosi lalitali, khungu lopyapyala, m'kati mwachikasu mofewa ngati majarini. Ubwino wina, ankakhwima mu Febuluwale ndi Malichi, nthawi imene nkhokwe zimakhala zitayasama ndipo chimanga chatsopano chisanache. A Gladson ankathyola olimba, kuwakwirira m'thumba la madeya, ndipo pakapita masiku ochepa ankatuluka atapsa bwinobwino. Peyala limodzi, kamchere, ndi chinangwa chowiritsa, munthu ankagona osamva kulira kwa m'mimba. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tadala, anakula ndi mtengo umenewu. Ndi ana a a Eluby omwe anakula nawo, ngakhale mayi awo sanathokozepo ngakhale tsiku limodzi.

Zaka zinapita, tsitsi la a Gladson linayamba imvi, ndipo anaiwala kuti ndi mlendo. Kulakwa kwawo kwenikweni kunali kumeneko.

A Idesi anayamba kudwala mvula ili m'kati. Ankangofooka, zikhatho mbee, ndipo kuchipatala anati magazi ndi ochepa. Mankhwala ankamwa, koma a Gladson anachitanso zimene aliyense amachita. Ankathyola masamba a peyala, kuwawiritsa mpaka madzi afiire ngati tiyi, n'kumawamwetsa m'mawa ndi madzulo. Sizinathandize. Anthu atangomaliza kukolola, a Idesi anatisiya.

Maliro atatha, kumeta kutachitika, linafika tsiku lowasudzula. Anayala mikeka pansi pa mtengo womwewo, poti pamudzipo mthunzi wabwino unali umenewo. Amene analankhula anali a Bwanali, alongo awo a malemu, mwini mbumba, munthu wa mawu ozizira amene amakupha uku akukufunsa ngati wadzuka bwino. A Gladson mumtima ankayembekeza kumva mawu amene akamwini ena okalamba amauzidwa, oti khalani konkuno muziyang'anira mwana ndi chidzukulu. Tadala anali ndi khanda, ndipo bambo wa khandalo anali atapita ku Joni n'kukhala chete ngati wamira.

"Alamu, mwatisungira bwino mlongo wathu," anatero a Bwanali. "Takumasulani. Njinga yanu, makasu anu, zovala zanu, tengani. Abale anu ku Nchema akusowani."

 Nyumba a Gladson sanaitchule, ngakhale njerwa zake anaumba ndi manja awo. Anangoloza m'mwamba.

"Nanga mtengowu?"

"Mtengo watani?" analumphira a Eluby.

"Ndimati ukhale wa Tadala. Ndinabzala ndine."

A Eluby anaomba m'manja kamodzi n'kuseka kuja kwawo kokweza mapewa. "Tamverani! Alamu akugawa malo! Kuseri kwa khitchini kuno ndi gawo langa, anandisiyira amayi anga, achimwene ali apawa akudziwa. Ndinangokulekererani chifukwa cha mng'ono wanga. Tadala ali ndi dimba la mayi ake kumtsinje, lamukwanira. Ngati mtengowu mukuufuna, uzuleni muuike pakaliyala."

Ena anaseka, ena anayang'ana pansi. A Eluby akayamba samaliza msanga.

"Ndiponso musamatchuletchule za mtengowu. Si masamba ake omwewa munkamudyetsa mng'ono wanga ngati mbuzi? Munthu wodwala woti akanadya nyama ndi mazira, inu masamba, masamba. Lero ali kuti?"

Mawu amenewo anawalasa a Gladson kuposa onse. Anatembenuka kuyang'ana Tadala, kuti mwina anena kuti ndi bodza, kuti bambo ake anagulitsa mbuzi zonse kugulira wodwala chiwindi ndi mkaka. Tadala anali atakhala kumapeto kwa mkeka, mwana ali kubere, nkhope itaweramira pansi. Sanatsegule pakamwa. A Gladson anaona ngati naye mwana wawo wawagulitsa, ndipo mtima wawo unauma pomwepo.

Anawapatsa masiku oti alongedze. Lamulungu lomaliza, mudzi wonse utapita kutchalitchi, iwo anatsala ponena kuti akumanga katundu. Anatenga khasu ndi mpeni wawo wosemera mipini. Anafukula dothi kuzungulira tsinde mpaka mizu ikuluikulu inaonekera, n'kugwada. Analemba mzere ndi mpeni kuzungulira mtengo wonse, analembanso wina m'munsi mwake, ndipo khungwa lapakati pa mizere iwiriyo analisenda lonse, mulifupi ngati chikhatho. M'kati munali moyera, monyowa, moterera. Anapala ndi mpeni mpaka sipanatsale kamtsitsi kolumikiza kumwamba ndi kumunsi. Kenako anabwezera dothi, kulipondaponda, n'kumwazapo masamba ouma. Makungwawo anakawaponya m'chimbudzi.

Ankadziwa chimene achita. Mtengo wotemedwa ndi nkhwangwa umagwa anthu akuona, ndipo mlandu umakupeza usanafike pamsewu. Wosendedwa pansi pa dothi sufulumira. Umakhala wobiriwira, umachita maluwa, umabereka kumene kuposa kale, mizu ikufa ndi njala pansipo, ndipo ukamadzauma palibe amene amakumbuka za mkamwini amene anachoka kalekale. Tinene zoona, a Gladson sanamve chisoni tsiku limenelo. Anamva kukoma. Anasamba m'manja, ndipo anthu pobwera kutchalitchi anawapeza akupopa njinga uku akuimba kanyimbo.

Ku Nchema anawalandira monga amalandirira munthu amene anachoka ali mnyamata n'kubwera ali nkhalamba yopanda kanthu. Mlongo wawo anawapatsa kakhitchini kakale kodontha, ndipo adzukulu ankawatchula kuti agogo a ku Ndunde. Kumunda ankalima mizere ya eni. Chimene chinkawatenthetsa mtima masiku onsewo chinali chimodzi. Ankaganizira a Eluby ataimirira pansi pa mtengo wouma, manja ali m'chiuno, akusowa womutukwana. Akaganiza zimenezo ankaseka okha, mpaka mlongo wawo anayamba kukayika ngati mutu wawo ukuyenda bwino. Za Tadala ankayesetsa kusaziganiza, ndipo masiku ambiri zinkatheka.

Mu Malichi, tsiku lina dzuwa lili paliwombo, anaona mayi akubwera m'kanjira ka m'chimanga, beseni lalikulu pamutu, mwana kumsana. Anali Tadala. Anali atawonda, mapazi ali matope okhaokha, koma nkhope ikuwala. Anatula beseni, anagwada, n'kuvundukula chitenje chimene anaphimbira.

"Ababa, ndakubweretserani a mumtengo wanu."

Mapeyala anali mulu, ena olimba, ena akupsa kale. A Gladson anawayang'ana osawakhudza.

"Amayi ako aakulu akulola kuthyola?"

"Kulola? Ababa, mtengo uja tsopano ndi wanga!" Tadala anaseka ngati kamtsikana. "Chaka chino wabereka zoti inu simunazionepo. Nthambi zachita kuwerama, zina ndachirikiza ndi nsungwi. Mavenda a ku Limbe akungobwera kudzaufunsa. Uyunso phala lake ndi lomweli, taonani masaya."

"Wako bwanji? Si anati ndi gawo lawo?"

"Anasintha mtima. Mvula itangoyamba anandiitana, akuti mwana wanga, zimene ndinawalankhula bambo ako zija sizikundigonetsa tulo. Mtengo uja ndi thukuta lawo, utenge ndiwe. Ineyo ungondipatsa kadimba kaja, poti iwe ndi khanda sungathe kutunga madzi ndi ndowa tsiku lonse. Tinasinthana pamaso pa amalume, malire anaika, zonse zinatha bwino."

 Dimba la a Idesi linali la dothi lakuda, lonyowa chaka chonse, lobereka kabichi, tomato ndi chimanga chachiwisi pomwe minda ina ili fumbi. Mayi aliyense pamudzi uja ankalisirira.

"Unapereka dimba?"

"Ndinapereka. Tsiku lija lokusudzulani ndinalephera kulankhula, amalume anali atandiuza kuti mwana sayankha pabwalo la akulu. Ndinalira sabata yonse. Ndiye pomwe amayi aakulu anatero, ndinati bola chinthu cha ababa chikhale m'manja mwanga, azibwera kudzadya opanda wowanena." Anasankha peyala lakupsa n'kulibanda pakati. "Ndipo amausamala, mudziwa. Tisanasinthane anaunjikira okha dothi patsinde, mulu waukulu, n'kuikapo miyala. Akuti nkhuku zimafukula mizu."

Pamenepo a Gladson anamvetsa zonse. A Eluby anali ataliona bala lija. Analiona, analikwirira bwino kuposa mwini wake, n'kudikira kuti zipatso zionekere kuti akhale ndi chomunyengerera mwanayo.

Tadala anawapatsa theka la peyala atawazapo mchere. Analandira, analuma kamodzi, n'kulibwezera m'beseni.

"Masamba ake ali bwanji?" anafunsa.

"Kunsonga kwayamba chikasu pang'ono, ena akuyoyoka. Amayi aakulu akuti ndi kutopa ndi kubereka."

M'mawa mwake a Gladson anamukweza Tadala ndi mwana pakaliyala, beseni lopanda kanthu atalimangirira kutsogolo, ulendo wa ku Ndunde. Njira yonse Tadala ankalankhula za malata amene adzagule chaka chamawa, ndi za sukulu ya mkaka ya mwanayo akadzakula. A Gladson ankangopalasa. Ankadzinamiza kuti mwina khungwa linalumikizananso, poti mitengo ina imatero. Mumtima ankadziwa momwe anapalira.

Mtengo anauonera patali. Unali wolemera ndi zipatso, inde, koma diso la munthu amene anaulera linaona zimene Tadala sankaona. Kumwamba kunali kutayera, masamba atafota ngati a fodya, tinthambi tina tili gwa. Anatsamiritsa njinga pakhoma la nyumba imene anamanga okha, osalowamo, n'kupita molunjika patsinde. Anachotsa miyala n'kuyamba kufukula ndi manja.

"Ababa, mukutani?"

A Gladson anapitiriza kufukula. Dothi litachoka, bala linaonekera, lakuda tsopano, lozungulira mtengo wonse. Pamwamba pake khungwa linali litatupa, kuyesa kutsika koma osafika. M'munsi mwake linali litawola, ndipo chiswe chinali chitayamba kale ntchito yake.

Tadala anakulira kumudzi, sanafunike womuuza tanthauzo lake. Anagwada, anagwira balalo ndi zala, anazungulira nalo mpaka kubwerera pomwe anayambira. Kenako anadzuka n'kukuwa.

"Amayi aakulu! Amayi aakulu!"

A Eluby anali akuchokera kudimba, dengu la kabichi pamutu. Sanafulumire. Anafika, anatula dengu, anayang'ana dzenjelo, kenako anayang'ana a Gladson.

"Alamu, mwabwera? Kunyumba kuli bwanji?"

"Mwandiphera mtengo!" anatero Tadala. "Mwausenda n'kundipatsa wakufa kuti mutenge dimba la amayi anga! Mfiti inu!"

A Gladson anali chigwadire m'dothi. Akanatha kukhala chete, ndipo anakhaladi chete, akupempha mumtima kuti mwana wawo apitirize kukhulupirira zimenezo. A Eluby anawapatsa mpata wokwanira woti alankhule, uku akuwayang'ana ndi kumwetulira. Ataona kuti sizituluka, anapukusa mutu.

"Iwe mwana, usanditukwane pachabe. Ine mpeni wosendera mtengo ndiutenga kuti? Taona mmene anadulira, mzere wowongoka bwino, dzanja la mmisiri. Ine ndinangoupeza nkhuku zitafukula, patangopita masiku ochepa bambo akowa atachoka. Ndinati ee, alamu andisiyira mphatso. Ndiye poti mphatso ya bambo imayenera mwana, ndinakupatsa."

"Mukunama."

"Afunse, si awa ali apawa?"

Anthu anali atayamba kusonkhana, amayi ndi mitsuko yawo, ena atangoima m'mphepete mwa chimanga. A Bwanali nawo anatulukira, manja kumbuyo. A Gladson anadzuka n'kupita kwa iwo.

"Alamu, chonde. Mwanayu anamupusitsa. Dimba limubwerere."

"Nkhani ija inatha pamaso pa anthu," anatero a Bwanali mofatsa. "Tadala anafunsidwa, anavomera yekha. Mtengo anaupatsidwa uli ndi zipatso, ndipo zipatsozo wadya, wagulitsa. Ngati pali amene anauwononga, ndiye mlandu wina umenewo. Mukufuna tiuyambe?"

A Gladson anabwerera patsinde.

Tadala sanamve n'komwe zimene amalume ake ananena. Maso ake anali pa bambo ake.

"Ababa, akunama eti?"

A Gladson anayang'ana manja awo odzaza dothi. "Ndinkadziwa kuti ukhala wa iwowa," anatero motsitsa mawu. "Sindinkadziwa kuti udzafika kwa iwe. Anandinyoza, mwana wanga. Unamva wekha mmene anandinyozera."

Ankayembekeza kuti Tadala alira kapena awatukwana, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Koma analankhula mwakachetechete, ngati akufunsa mtengo wa mchere.

"Ngakhale ukanakhala wa iwowa, ine ndimatsala pompano. Chaka chilichonse cha njala ndimadya mumtengo umenewu chibadwire. Inu pogwada apa ndi mpeni wanu, mumati Febuluwale akafika ine ndi mwanayu tizidya chiyani?"

Funso limenelo a Gladson tsiku lija sanaliganize n'komwe. Anaganiza za a Eluby okha, kuyambira pofukula mpaka pokwirira. Manyazi amene anawagwira anali oti akanakonda nthaka ikanang'ambika n'kuwameza.

A Eluby anasenza dengu lawo. Podutsa anatola mapeyala awiri amene anagwa pansi, anawasinikiza ndi chala kuona ngati ali bwino, n'kuwaika pamwamba pa kabichi.

"Ukauma undiuze, Tada," anatero akupita. "Ndikufuna nkhuni zootchera njerwa."

Anthu anayamba kubalalika, poti zokoma zinali zitatha. A Gladson anasendera pafupi ndi mwana wawo. Anatola peyala lina lophwanyika, anachotsa njere yake, n'kuipukuta pamalaya.

"Ndikubzalira wina," anatero. "Lero lomwe. Njere yake ndi yomweyi, ukhala wokoma chimodzimodzi. Ndizibwera kudzathirira. Zaka zisanu, zisanu ndi chimodzi, uyamba kubereka."

Tadala anamasula chitenje, anatsitsa mwana kumsana n'kumutembenuzira kwa agogo ake. Mwanayo anali atadzuka kumene, ndipo ataona njere m'manja mwa a Gladson anatambasula kadzanja n'kuyasamula kukamwa.

"Muuzeni uyu," anatero Tadala. "Muuzeni adikire."

Anamuberekanso mwanayo, analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.